Mtengo wa Tsiku Tiukambirane Galimoto Isanaime

Mawu awa adayankhulidwa pamsonkhano wa antchito ochokera kunja mumzinda wa Pretoria, Lamlungu lina m'mwezi wa July 2025. Woyankhula ndi mlangizi wodzipereka amene kale ankaima pamsewu kudikira ganyu.

Ndikudziwa kuti Lamlungu ndilo tsiku lokhalo limene ambiri a inu mumachapa zovala zanu, mutatha mlungu wonse mukuchapa za eni. Ena mwalipira tekisi kuchokera ku Mamelodi, ena ku Olievenhoutbosch, ena kuminda ya ku Cullinan. Ndiyesetsa kuti ndalama ya tekisiyo isapite pachabe.

Nkhani yanga ndi ya mphindi imodzi yokha. Ndi mphindi ija pamene galimoto yotsegula kumbuyo, imene kuno amati bakkie, ichepetsa liwiro pafupi ndi sitolo ya simenti ndi malata, woyendetsa n'kutsitsa galasi, n'kuimika zala ziwiri. Amuna makumi awiri amene akhala chiimirire kuyambira 6 koloko m'mawa, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu, amathamanga onse pamodzi. Wina wakweza katoni yolembedwa kuti ndi wopaka penti, wina wakweza levulo, wina alibe chokweza koma mikono yake. M'mphindi imeneyo mtengo wa tsiku lathunthu la munthu umagamulidwa, ndipo kawirikawiri wogamula sakhala bwana ayi. Timagamula ndife eni ake, pokankhana pazenera.

Ndikunena zimene ndidachita ndekha. Ndidafika kuno chakumapeto kwa 2008, nditagulitsa njinga yanga ndi mbuzi ziwiri za mayi anga. Padali patangopita miyezi yochepa chichitikire zipolowe za mu May chaka chomwecho, zimene zidapha anthu 62, ndipo abale adandiletsa. Koma mnyamata akamva kuti ku Joni kuli ndalama makutu ake amagontha. Ndidayamba kuima pangodya ina ya kum'mawa kwa mzinda uno. Tsiku lina mu 2009, nditatha masiku anayi osatengedwa, padaima bakkie yofuna munthu mmodzi wokumba ngalande. Bwanayo adangofunsa kuti zingati. Wina adati R120. Wina adati R100. Ine, njala itandikwera m'mutu, ndidakuwa kuti R80, ndipo ndidakwera.

Madzulo nditabwerera ndidapeza mkulu wina wa ku Mangochi, amene adakhala akuima pamalopo zaka zambiri, akuwotha moto wa makatoni. Sadandikalipire. Adangoti, "Mwana wanga, lero wadya, ndipo ndakondwa. Koma bwana uja akadzabweranso adzayambira pa R80, ndipo tsiku limenelo padzakhala wina wanjala kuposa iwe." Sipadathe milungu iwiri. Bakkie yomweyo idabwera, mnyamata wina amene adangotsika basi dzulo lake adati R70, ine n'kutsala nditagwira chitseko.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti chimene chinkatichitikira chili ndi dzina m'mabuku. Akatswiri amati chuma chagwa pamene zonse zimene dziko limapanga ndi kugulitsa zachepa kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana. Mavuto amene adayambira m'mabanki a ku America mu 2008 adafika kuno, ndipo South Africa idataya ntchito pafupifupi 1 miliyoni. Chuma chidagwanso mu 2018, chidagwanso chakumapeto kwa 2019, kenako padadza Covid-19. Dziko litatsekedwa pa 27 March 2020, bungwe la boma lowerengera, Stats SA, lidapeza kuti ntchito 2.2 miliyoni zidatha m'miyezi itatu yokha, ndipo mwa antchito a m'nyumba pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adatsala manja lende. Lero m'manyuzipepala salemba kuti chuma chagwa, koma mu 2023 ndi mu 2024 sichidakule ngakhale ndi 1 peresenti, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito alibe ntchito. Kwa munthu woima pamsewu kusiyana kwake n'kochepa.

Kugwa kwa chuma kumayambira pa ife kusanafike m'nyuzipepala. Mwini nyumba wa ku Garsfontein akamva kuti kuntchito kwake ayamba kuchotsa anthu, sasiya kudya ndipo sachotsa mwana kusukulu. Amasiya kupaka penti mpanda. Udzu umene unkadulidwa mlungu uliwonse umadulidwa kamodzi pamwezi, kapena iye mwini amagwira makina Loweruka. Mayi amene ankabwera masiku asanu amauzidwa kuti azibwera masiku awiri. Kontrakitala amachotsa anyamata ake a pamwezi n'kumadzatola a tsiku limodzi pamsewu, chifukwa amenewo akawasiya madzulo alibe nawonso mangawa. Tsono taonani: magalimoto oima amachepa, pamene anthu oimirira akuchuluka, pakuti amene wachotsedwa kufakitale ya ku Rosslyn kapena ku Waltloo nayenso amadza pangodya pomwepo.

Alipo akatswiri amene adatsika m'maofesi awo kudzatiwerenga. Derick Blaauw, Rinie Schenck ndi anzawo adayamba kafukufuku wa anthu odikira ganyu mumzinda uno mu 2004, ndipo atazungulira dziko lonse, chuma chisanagwe, adapeza anthu osachepera 45,000 oima m'malo pafupifupi 1,000. Mu 2004 obadwira kunja kwa South Africa adali pafupifupi 12 mwa anthu 100 alionse oima m'misewu ya Pretoria. Atabwereranso mu 2015 adapeza kuti apitirira theka, ambiri mwa iwo a ku Zimbabwe. Ife Amalawi ndife ochepa pakati pawo, koma tili ndi vuto lathu lathu: a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho ena adapatsidwa ziphaso zapadera zogwirira ntchito, pamene ife timadindiridwa masiku 30 pachipata, ndipo masikuwo sapereka chilolezo cha ntchito.

Kwinaku foni ya kumudzi sidziwa kuti Joni idasintha. Namondwe Freddy adakokolola minda mu March 2023. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho. Mu March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha chilala. Choncho uthenga umabwera wa feteleza, wa fizi, wa mankhwala a gogo, ndipo munthu amafika pangodya atasenza mudzi wonse pamutu. Munthu wotere ukamuuza kuti akane R150, amakuyang'ana ngati wamisala. Ndimamumvetsa, chifukwa ndidali ine.

Ndipatuke pang'ono. Agogo athu ambiri adabwera kuno pa Wenela, imene pambuyo pake idatchedwa Theba. Sindikuyamikira moyo umenewo: adali kugona mothithikana m'makomboni, fumbi la m'migodi lidawadya mapapo, ndipo pa 4 April 1974 ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, mpaka Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Koma munthu wa Wenela ankachoka kumudzi akudziwa malipiro ake, dzina lake lili m'kaundula. Njira imeneyo idatsekeka kotheratu mu 1988. Amene ankabwera paokha masiku amenewo ankatchedwa a selufu. Lero tonse muno ndife a selufu, ndipo kaundula wathu kulibe amene angatilembere ngati sitilemba tokha.

Tsopano ndinene zimene lamulo la dziko lino limanena, chifukwa ambiri timaganiza kuti lamulo ndi la eni dziko okha. Kuyambira pa 1 January 2019 kuli lamulo la malipiro ochepetsetsa. Lidayamba ndi R20 pa ola, koma a kumunda ankalandira R18 ndipo a m'nyumba R15. Kusiyanako kudatha: a kumunda adafanana ndi anzawo mu March 2021, a m'nyumba mu March 2022. Pa 1 March 2025 mtengo wake udaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo umakonzedwanso chaka ndi chaka. Tiyeni tiwerengere limodzi pa mtengo wa 2025 umenewo. Maola asanu ndi atatu ndi R230.32. Maola asanu ndi anayi ndi R259.11. Amene wagwira kuyambira 7 koloko mpaka 5 koloko, napuma ola limodzi masana, n'kulandira R200, waberedwa R59.11, ngakhale adavomera yekha pazenera, chifukwa lamulo limati mtengo umenewu sungatsitsidwe ndi pangano la anthu awiri.

Pali zinthu zitatu zimene mabwana ambiri amakonda kuti tisazidziwe. Munthu akakutengani n'kukugwiritsani ntchito maola awiri okha, mwina simenti yatha kapena mvula yagwa, ayenera kukulipirani maola anayi, ndiye kuti R115.16 pa mtengo wa 2025. Buledi ndi chakumwa zimene wakupatsani masana, kapena kukunyamulani pagalimoto, si mbali ya malipiro, ndipo sangaziwerengere kuti akwanitse mtengo wa lamulo. Ndipo inu a kumunda amene mumalipidwa potengera makireti amene mwadzaza kapena mizere imene mwapalira, ndalama yanu ikagawidwa ndi maola amene mwagwira siyenera kutsika pansi pa mtengo wa lamulo.

Ndikuona nkhope zina zikufunsa kuti, nanga ine amene masiku adatha kale papasipoti? Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Silinena kuti nzika iliyonse, limati aliyense. Mawu amenewa adayesedwa m'khothi. Mkulu wina wa ku Argentina, German Lanzetta, ankagwira ntchito ku kampani ya Discovery Health, ndipo chiphaso chake chitatha adachotsedwa. Kampaniyo idati munthu wopanda chiphaso si wantchito pamaso pa lamulo, choncho bungwe loweruza mikangano ya pantchito la CCMA lilibe mphamvu yomva dandaulo lake. Mu 2008 Khothi la Zantchito lidakana maganizo amenewo, ndipo lidati munthuyo ndi wantchito ndithu. Lamulo lina la 2014, Employment Services Act, lidabwerezanso kuti munthu amene walembedwa ntchito alibe chiphaso angathe kulondola zonse zimene bwana wake ali nazo ngongole.

Sindikufuna kukunamizani. Chigamulo chimenechi chimateteza thukuta lanu, koma sichikonza mapepala anu. Wopanda chiphaso angathe kumangidwa n'kutumizidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, ngakhale mlandu wake wa malipiro uli bwino chotani. Chimene Khothi Lalikulu loona za malamulo aakulu lidagamula mu 2017, pamlandu umene adabweretsa a Lawyers for Human Rights, n'chakuti womangidwa pankhani ya mapepala ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Ndiye ngati mapepala anu sali bwino, musanapite kuofesi iliyonse yambani mwafunsa uphungu. A Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi mumzinda muno, ndipo ifenso tikhoza kukuperekezani. Koma dziwaninso ichi: bwana amene amati "ukavuta ndikuitanira apolisi" nayenso waphwanya lamulo lomwelo la 2002 loona za olowa m'dziko, limene limaletsa kulemba ntchito munthu wopanda chiphaso. Amaopseza ndi mpeni umene waugwira kokuthwa.

Ku CCMA salipiritsa. Kuyambira 2019 bungweli limamvanso madandaulo a malipiro osaperekedwa a anthu olandira ndalama zochepa ngati ife. Ngati mwachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku 30. Musadikire kuti mtima wa dona usinthe. Ngati mudapangana mtengo wa ntchito yonse, monga kumanga mpanda kapena kuika matailosi, ndipo mudagwira ndi zida zanu monga mmisiri woima payekha, njira yanu ndi khothi la milandu ing'onoing'ono, limene limamva ngongole popanda loya, ndipo mu 2025 malire ake adali R20,000.

Komatu apa ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Munthu amabwera kwa ine akulira kuti wagwira masiku atatu ndipo sanalipidwe. Ndikafunsa dzina la bwana, amati ndi mzungu wamtali. Ndikafunsa kumene adagwira, amati kunyumba ya mpanda woyera, kupitirira maloboti awiri. Abale anga, mipanda yoyera mu Pretoria ndi yosawerengeka, ndipo CCMA singaitane munthu amene sitikudziwa dzina lake ngakhale kumene amakhala. Choncho musanakwere funsani kuti ntchitoyo ndi yotani, ili kuti, ithera nthawi yanji, ndalama zake ndi zingati, ndipo mubwerera bwanji. Mnzanu wotsala ajambule nambala ya galimoto. Mukafika, tumizani pa WhatsApp malo amene muli, ndipo werengani nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Khalani ndi kabuku ka m'thumba: tsiku, malo, ola loyamba, ola lomaliza, zimene mwalandira. Bwana akati mubwere Lachisanu, mulembereni uthenga usiku womwewo wonena kuti mwagwira masiku atatu ndipo zatsala R780. Akayankha kuti adzapereka Lachisanu, wakulemberani umboni ndi chala chake. Ndipo chonde, mtima ukawawa musanyamule wilibala kapena makina ake kuti mudzilipire nokha. Mukatero mlandu wa malipiro umasanduka mlandu wa kuba, ndipo womangidwa amakhala inu.

Kabuku kameneka si ka ndalama zokha. Pa 6 May 2024 nyumba ya nsanjika imene inkamangidwa ku George idagwa, ndipo anthu 34 adafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Kwa masiku angapo chiwerengero cha anthu amene adali pamalopo chidali kusinthasintha, abale akuyendayenda ndi zithunzi m'manja. Munthu aliyense wokwera bakkie m'mawa ayenera kusiya wina amene akudziwa kumene wapita. Mukavulala, malamulo aakulu amati palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Uzani adokotala kuti mwavulalira pantchito kuti zilembedwe, ndipo mudziwitse bwana tsiku lomwelo, chifukwa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito limawerengeranso waganyu amene watengedwa kukagwira ntchito ya bizinesi ya bwanayo.

Amayi a m'nyumba, inu simudali m'lamulo limeneli mpaka posachedwapa, ndipo nkhani imene idakulowetsamoni idachitikira mumzinda uno. Mayi Maria Mahlangu adagwira ntchito m'nyumba ina ku Faerie Glen zaka 22. Pa 31 March 2012 adagwera m'damu losambiramo la mabwana awo n'kumira. Mwana wawo, Sylvia Mahlangu, atapita kukapempha chipukuta misozi adauzidwa kuti wantchito wa m'nyumba sali m'lamulo. Sadagonje. Mothandizidwa ndi mayi Pinky Mashiane, ndi mgwirizano wa antchito a m'nyumba wa SADSAWU, ndi maloya a bungwe la SERI, adayenda m'makhothi mpaka pa 19 November 2020, pamene Khothi Lalikulu lidagamula kuti kusala antchito a m'nyumba n'kuphwanya malamulo aakulu, ndipo chigamulocho chidabwerera m'mbuyo mpaka pa 27 April 1994. Zidatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mayiyo sadayende yekha.

Zonsezi ndi zabwino, koma ndibwerere kumphindi yanga ija. Lamulo siliima nafe pangodya 6 koloko m'mawa. Woyendera malo a ntchito wa ku unduna sadzakhalapo pamene zala ziwiri zatuluka pazenera. Mtengo wa lamulo uli m'buku la boma, ndipo umatsikira pamsewu pokhapokha anthu oima pamenepo atagwirizana kuti pansi pa mtengo wakuti palibe amene akwere. Mtengowo sungakambidwe galimoto itaima kale, chifukwa pamenepo mimba ndiyo imayankhula. Uyenera kukambidwa dzulo lake, anthu atakhala pansi.

Si ife oyamba kuganiza zimenezi. Ku America amuna ochokera ku Mexico, ku Guatemala ndi ku Honduras amaima m'mphepete mwa masitolo a zomangira monga momwe timachitira ife. Kafukufuku wa mu 2006, amene mmodzi mwa olemba ake, Nik Theodore, adadzagwiranso ntchito ndi akatswiri a kuno aja, adawerengera anthu 117,600 tsiku lililonse, ndipo pafupifupi theka adati adamanidwapo malipiro m'miyezi iwiri yokha ya m'mbuyo. Kumeneko adayamba kukhazikitsa malo awoawo odikirirapo ntchito, ndipo mu 2001 adapanga mgwirizano wa dziko lonse wotchedwa National Day Laborer Organizing Network. Pamalo oterowo mtengo wotsikitsitsa amagwirizana okha, bwana amasiya dzina ndi nambala ya foni, ndipo anthu amatengedwa motsata mndandanda kapena maere, osati motsata amene ali ndi liwiro. Ambiri mwa iwo alibe mapepala, monga ambiri a ife.

Pangodya yathu ija tidayesa zofanana nazo, popanda ofesi kapena denga. Mkulu wa ku Mangochi uja ndiye ankasunga kope. Ofika ankalembetsa, ndipo amene adagwira dzulo ankaima kumbuyo. Galimoto ikaima ankapitako anthu awiri okha kukakamba mtengo, enafe titakhala. Wogwira ntchito ankaponya kandalama kochepa m'chitini madzulo, ndipo m'mawa mwake kankagula buledi ndi tiyi wa amene sadatengedwe. Chitini chimenecho ndicho chidali mtima wa zonse. Munthu amene wadyako kanthu angathe kupukusa mutu. Amene wagona ndi njala masiku awiri sangathe, ndipo n'kulakwa kumunyoza.

Kodi zidayenda bwino? Osati masiku onse. Mabwana ena atamva mtengo wathu ankapita kungodya ina, ndipo tinkawaona akudutsa ndi anthu atatu kumbuyo, ife tikumeza malovu. Padali mikangano ya kope, wina akuti dzina lake ladumphidwa chifukwa si wa mtundu wa mlembi. Mu 2020 zonse zidabalalika, ndipo pamene misewu idatsegulidwa anthu ankakwera ngakhale bwana asanatchule ndalama. Koma m'zaka zimene pangano lidagwira, ndidaona chinthu chimene sindinkayembekeza: mabwana abwino ankabwerera kwa ife, chifukwa sankaopa kuzingidwa ndi gulu, ndipo akafuna womanga tinkawapatsa womanga weniweni. Amene tidawataya adali aja amene kale ankatisiya patali madzulo atatipatsa theka.

Wina adzati Amalawi sitigwirizana. Ndikukana. Mnzathu akamwalira kuno, uthenga umazungulira usiku umodzi, ndipo anthu amene sadamuonepo amasonkha mpaka bokosi litakwera galimoto ya ku Mzimba, ku Nkhata Bay kapena ku Machinga. Amayi muli ndi zipereganyu zimene zayenda zaka popanda kusowa tambala. Luso losunga kope ndi chitini tili nalo kale, kungoti talisungira maliro.

Pali mbali ina yovuta imene sindingailumphe. Pa 24 February 2017 gulu la anthu a ku Mamelodi lidaguba mumzinda uno potsutsa obwera, ndipo mawu amene timawamva mpaka lero ndi akuti alendo amatsitsa malipiro. Zambiri zimene amatinenera ndi zabodza, ndipo si ife tidagwetsa chuma kapena kuzimitsa magetsi. Koma pa mawu amodzi amenewa ndimakumbukira R80 yanga ija, ndipo sindingathe kuyang'ana kumbali. Mnzathu wa ku Limpopo kapena wa ku Mpumalanga amene amaima nafe nayenso ndi waulendo, nayenso ali ndi ana kumudzi. Iye akati R260, ine n'kuti R150, ndamulanda nsima, ndipo wopindula ndi mwini galimoto yekha. N'chifukwa chake pangano la pangodya silingakhale la Amalawi okha. Mukapangana nokha, Mshona adzakwera. Mshona akapangana ndi anzake okha, mudzakwera ndinu. Kope likhale limodzi, ndipo okamba mtengo asankhidwe mosinthana mitundu, makamaka amene amatha Chingerezi, Chisotho kapena Chibunu.

Mwina ena mukuti nkhaniyi si yanu, pakuti muli pantchito ya pamwezi, muli ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana kapena papulazi. Ndikupempheni mumve bwino, chifukwa mphamvu imene muli nayo ndi yaikulu kuposa ya ife tonse oima pamsewu. Maganyu ambiri safika n'komwe pangodya. Amadutsa m'manja mwanu. Dona amakufunsani kukhitchini kuti, kodi simukudziwa munthu wodula mitengo, kapena mayi wodzasita Lachinayi? Kenako amafunsa kuti anthu otere amalipidwa zingati. Mawu amene mumayankha pamenepo amasanduka mtengo wa msewu wonsewo, chifukwa madona amauzana pamagulu awo a pafoni. Mukati "aliyense angavomere R150, ndi wa kwathu, savuta," mwagulitsa mlongo wanu, ndipo mwadzitchera msampha nokha, pakuti tsiku lina dona adzawerengera kuti mayi wa masiku awiri pa R150 ndi wotchipa kuposa inu wa pamwezi. Yankhani mwaulemu potchula mtengo wa lamulo pa ola, ndi kuti tekisi ndi yapadera. Akapitawo a kumunda, inunso mukatumidwa kukatola anthu a nyengo yokolola, auzeni mtengo asanakwere lole, ndipo lembani mayina awo onse.

Ndipo inu amene mumatumiza mawu kumudzi, nenani zoona. Tili ndi chizolowezi chojambulitsa titatsamira galimoto ya eni, ndipo mng'ono wathu akaona chithunzicho amagulitsa njinga. Muuzeni kuti mlungu wina mumagwira masiku awiri okha, muuzeni mtengo wa lendi ya mkuku ndi wa tekisi. Akasankha kubwerabe, mulandireni, ndipo musanamuonetse poima muonetseni kope, mumuuze mtengo wa pamalopo, mumudyetse mlungu woyamba. Mnyamata uja wa R70 sadali mdani wanga. Padalibe amene adamuuza kanthu.

Mkulu wa ku Mangochi uja adabwerera kumudzi mu 2016, mawondo atayamba kukana. Kope lake adandisiyira, ndipo ndabwera nalo. Lili patebulo apo, lothimbirira ndi mvula, kuti amene akufuna aone mmene tinkalembera. Pambali pake pali makope atsopano ndi zolembera. Tikatseka msonkhano uno ndikupempha kuti amene mumaima ku Silverton ndi kum'mawa konse mukhale mbali ya kumanja, a ku Centurion ndi ku Laudium mbali ya kumanzere, amayi a maganyu ochapa ndi kusita pakhomo apo. Gulu lililonse lisankhe anthu awiri, ndipo mutchule mtengo umene mukaufikitse kwa anzanu a mitundu ina mawa m'mawa. Amene muli ndi malipiro amene simunalandire mundipeze kumbuyo kuno ndi foni zanu, tione mauthenga amene muli nawo ndi masiku amene apitapo.